Mpunga unkabwerera m'chikwama

Inu achinyamata mwasiya Loweruka lanu n'kubwera kuno. Tikudziwa kuti ena mwa inu mwachita kukokedwa. Tikudziwanso kuti ena Chichewa mumachimva bwinobwino koma kuyankha mumayankha m'Chingerezi. Palibe vuto. Tilankhula pang'onopang'ono, ndipo pamene pakudutsani kwezani mkono. Chichewachi tachisankha dala, chifukwa nkhani ya lero ikufunika kuti inu ndi makolo anu muimvere pamodzi, m'chilankhulo chomwe amakukalipirirani kunyumba chija.

Sukulu zitsegulidwa masabata akubwerawa. Ena mukukayamba giledi 6, ena muli pakati pa middle school, ena munadutsako kale ndipo muli ndi abale ndi alongo anu aang'ono amene akulowa kumene. Nkhani yathu ndi ya kupezererana pasukulu: kutonzana, kusalana, kumenyana, ndi kunyozana kwa pafoni. Sitinabwere ngati akatswiri a maganizo a ana. Ntchito yathu ndi ya makompyuta, ndipo zambiri zimene tinene pano tinaziphunzira mochedwa, titalakwitsa kale.

Tiyambe ndi mlandu wa m'nyumba mwathu. Mwini nkhaniyi watilola kuti tiinene. Mwana wathu wamkazi atayamba giledi 6, tinkamulongedzera chakudya cha masana monga tinkachitira kale: mpunga, nyemba, nthawi zina usipa umene agogo ake anatitumizira kuchokera kumudzi. Pofika mu Okutobala, chakudya chinayamba kubwerera chosakhudzidwa. Ife tinakalipa. Tinamuuza mtengo wa mpunga, tinamuuza za ana akumudzi amene amapita kusukulu osalawa kanthu. Lolemba lililonse m'mawa ankadandaula m'mimba, ife tinati ndi ulesi. Magiledi a masamu atatsika, tinamulanda foni mwezi wathunthu. Mumtima tinkati tikulera.

Zoona zake tinazimva mu Febuluwale, ndipo sitinazimve kwa iye. Anatiuza ndi mtsikana wina wa m'gulu lathu lomweli, amene panthawiyo anali ku high school. Zinapezeka kuti tsiku lina m'chipinda chodyera, mnyamata wina anatsina mphuno n'kufuula kuti patebulo pakununkha. Ena anaseka. Wina anajambula chakudyacho n'kuponya pa gulupu ya kalasi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwana wathu anapatsidwa dzina limene sitilitchula pano. Kwa miyezi inayi, nthawi ya chakudya ankakadzitsekera m'chimbudzi, kudikira belu.

Titamufunsa chifukwa chake sanatiuze, anatipatsa zifukwa zitatu. Anati tikanamuuza kuti alimbe mtima. Anati tikanamulanda foni. Ndipo anati ankawaona amayi ake akubwera m'mawa kuchokera ku ntchito ya usiku, miyendo itatupa, ndiye sanafune kuwawonjezera katundu. Pa zitatu zonsezi ankanena zoona.

Kuti mumvetse makolo anu, muyenera kudziwa sukulu imene inatiumba ife. Ambiri a ife tinalowa Fomu 1 pasukulu yogonera komweko. Kumeneko mwana wa Fomu 1 ankachapira akuluakulu zovala, kuwatungira madzi, kulandidwa ndiwo, nthawi zina kudzutsidwa pakati pa usiku kuti avine popanda nyimbo. Tinkati ndi mwambo, ndipo tikafika Fomu 3 ena a ife tinkabwezera kwa obwera kumene. Kholo silinkapita kusukulu pokhapokha mwana akapalamula. Kalata yoitana kholo inali chizindikiro cha manyazi, ndipo mawu a mphunzitsi anali omaliza. Zimenezi tinabwera nazo kuno ku America m'sutikesi, pamodzi ndi ufa ndi zitenje. N'chifukwa chake mukatiuza kuti wina akukuvutitsani, mawu oyamba kutuluka mkamwa mwathu amakhala akuti "ifenso tinadutsamo". Mawu amenewa ndi olakwa, ndipo lero pamaso panu tikuvomereza kuti tinakulakwirani nawo. Ena a ife mpaka lero timakumbukira dzina la munthu amene ankatizunza zaka 30 zapitazo, ndiye sitinganene kuti sizinatipweteke.

Palinso china chimene sitinachimvetse msanga. Ku elementary school mwana amakhala ndi mphunzitsi mmodzi pafupifupi tsiku lonse, ndipo mphunzitsiyo amaona nkhope ikagwa. Ku middle school mwana amasintha chipinda phunziro lililonse, aphunzitsi asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri patsiku, aliyense akumuona kosakwana ola limodzi. Zoipa zambiri zimachitika m'malo amene wamkulu sakuyang'ana: m'makonde pakati pa maphunziro, pamaloka, m'chipinda chosinthira zovala zamasewera, m'chipinda chodyera, ndi m'basi. Zaka zake ndi za pakati pa 11 ndi 14, thupi likusintha, mawu akusintha, aliyense akufunafuna gulu loti akhalemo. Ndipo ife nthawi yathu sukulu ikatsekedwa tinkapuma. Inu wokuvutitsani amalowa nanu m'chipinda chogona kudzera pafoni.

Ndiye kupezerera n'chiyani, popeza ana amakangana tsiku ndi tsiku? Katswiri wina, Dan Olweus, amene anayamba kufufuza nkhaniyi ku Sweden m'ma 1970, anatchula zizindikiro zitatu. Munthu akuchita dala kuti apweteke mnzake. Akubwerezabwereza. Ndipo mphamvu sizikufanana: wina ndi wamkulu thupi, kapena ali ndi gulu, kapena ndi wotchuka, moti winayo sangathe kudziteteza. Anzanu awiri akayambana lero n'kugwirizana mawa, imeneyo ndi mikangano wamba. Koma anthu asanu akamaseka munthu mmodzi tsiku lililonse, iwo n'kumati ndi nthabwala, funsani kuti wosekedwayo akuseka nawo kapena ayi. Dziko la Norway linayamba kulimbana ndi vutoli m'sukulu zake zonse mu 1983, anyamata atatu atadzipha chaka cha 1982. Anadikira maliro kuti akhulupirire. Ife tisadikire zimenezo.

Kwa inu ana a anthu ochokera ku Africa, kutonzako kumakonda kugwira malo omwewomwewo: dzina limene mphunzitsi akulephera kutchula, tsitsi, khungu, chakudya, katchulidwe ka Chingerezi ka amayi anu akabwera kudzakutengani. Mu Okutobala 2014, nthawi ya mliri wa Ebola, anyamata awiri apachibale ochokera ku Senegal, wa giledi 6 ndi wa giledi 8, anamenyedwa pasukulu ku Bronx mumzinda wa New York, anzawo akuwatchula kuti Ebola. Nkhani ikafika pa mtundu, khungu kapena dziko lochokera, lamulo la dziko lonse limalowererapo. Title VI ya Civil Rights Act ya 1964 imaletsa tsankho la mtundu umenewu m'sukulu zolandira ndalama za boma la federal, ndipo sukulu ikadziwa kuti mwana akuzunzidwa motero, ili ndi udindo wochitapo kanthu. Kuwonjezera apo, ma state onse 50 ali ndi malamulo olimbana ndi kupezererana pasukulu. Georgia inayamba mu 1999, Montana inatsiriza mu 2015. Choncho mukapita kukadandaula, musalowe mu ofesi ngati opempha chifundo. Sukulu ili ndi ntchito imene lamulo linaipatsa.

Tsopano tilowe mbali imene ife a makompyuta timaidziwa. Kuntchito kwathu, makina akavuta, funso loyamba limakhala lakuti zinayamba liti ndipo umboni uli kuti. Kusukulu n'chimodzimodzi. Mawu akuti "amandivutitsa nthawi zonse" ofesi imatha kuwazengereza. Koma pepala lonena kuti Lachiwiri pa 14, m'basi, wakutiwakuti ananena zakutizakuti, ndipo akutiakuti analipo, limavuta kulinyalanyaza. Pezani kope kapena tsegulani noti pafoni, muzilemba tsiku, malo, mawu enieni amene ananenedwa, ndi amene anaona.

Za pafoni, musafufute mauthenga ngakhale akukupwetekani kuwaona. Tengani screenshot yoonetsa dzina la akaunti ndi tsiku. Pa Snapchat mukudziwa kale kuti mauthenga amazimiririka ndiponso wotumiza amadziwitsidwa mukatenga screenshot, ndiye tengani foni ina mujambule sikirini yanuyo. Umboni ukasungidwa, pamenepo ndi pamene mumuchite block ndi kumunenera ku kampani ya pulogalamuyo. Musabwezere mawu, chifukwa tsiku la mlandu enawo adzangoonetsa yankho lanu lokha, zawo atafufuta. Tikudziwanso kuti ena munanama zaka potsegula akaunti, popeza mapulogalamu ambiri salola munthu wosakwana zaka 13, ndiye mukuopa kuti mukaulula vuto bodzalo lidziwika. Bodza limenelo tidzalikambirana tsiku lina. Lisakutsekeni pakamwa.

Pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kuchisunga kapena kuchitumiza kwa aliyense: chithunzi cha maliseche cha munthu wosakwana zaka 18. Kuchisunga kapena kuchigawa ndi mlandu waukulu, ngakhale mutati mumasungira umboni. Wina akakutumizirani, uzani wamkulu nthawi yomweyo. Ngati chithunzicho ndi chanu ndipo wina akukuopsezani kuti achifalitsa mukapanda kumupatsa ndalama kapena zithunzi zina, musalipire, chifukwa wolipidwa amabweranso. Bungwe la NCMEC lili ndi njira yaulere yotchedwa Take It Down, imene imathandiza kuti chithunzicho chichotsedwe m'mapulogalamu amene amagwirizana nawo, ndipo chithunzicho sichichoka pafoni panu. Makolo, mwana akabwera kwa inu ndi nkhani yoteroyo, ulaliki uyambe wadikira. Yambani ndi kumuthokoza kuti wanena.

Nanga kusukulu tikalowa pakhomo liti? Sukulu zambiri zili ndi counselor, mlangizi amene ntchito yake ndi yomweyi. Inu ana mukhoza kupita kwa iye nokha. Ife makolo tilembe imelo kwa mlangiziyo ndi kwa mphunzitsi wamkulu. Foni ndi yabwino, koma imelo imasiya tsiku ndi nthawi, ndipo palibe angadzanene kuti sanauzidwe. Tilembe mwachidule zimene zachitika, tiphatikize umboni, tipemphe msonkhano. Buku la malamulo a sukulu limene timasainira chaka chikamayamba osaliwerenga lija, m'menemo ndi mmene muli ndondomeko yodandaulira, ndipo zigawo zambiri za sukulu zili ndi fomu yake pa intaneti. Kumsonkhano tifunse zinthu zogwirika: mwana akhala pati m'basi, ndani akuyang'anira m'chipinda chodyera, apite kwa ndani zikachitikanso, ndipo tikumananso liti. Tikatuluka, tilembenso imelo yobwereza zimene tagwirizana. Musadabwe akakana kukuuzani chilango cha mwana winayo. Lamulo la FERPA la 1974 limateteza zolembedwa za wophunzira aliyense, kuphatikizapo wanu. Sukulu ikalephera, pitani ku ofesi ya chigawo. Ngati nkhaniyo ndi ya tsankho la mtundu kapena dziko, dandaulo likhoza kupita ku Office for Civil Rights, pasanathe masiku 180 chichitikireni.

Tikudziwa chimene chimagwira miyendo ya makolo ena, ndipo tichitchule: mapepala. Pali mabanja amene amaopa ofesi iliyonse ya boma, ndipo ana awo amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amameza mavuto. Khoti Lalikulu la dziko lino linagamula mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, kuti mwana sangakanizidwe sukulu ya boma chifukwa cha mapepala. Mantha anuwo tikuwamvetsa, ndipo n'chifukwa chake gulu lino lilipo. Ngati simukufuna kupita nokha, kapena ntchito ya usiku sikukulolani, kapena chilankhulo cha m'maofesi chimakusokonezani, tengani mnzanu wa m'gulu lino akakhale pambali panu. Chimene tisachite ndi kusandutsa mwana womasulira pa mlandu wake womwe.

Abambo anzathu, mawu aja timakonda akuti "akakumenya nawenso um'menye" tiwaganizirenso. M'sukulu zambiri kuno, ndewu ikachitika onse awiri amaimitsidwa sukulu, ndipo zimalembedwa mu failo ya mwana. Mwana wanu akabwezera chibakera pambuyo pa miyezi itatu yozunzidwa mwakachetechete, ofesi idzaona chibakeracho, miyezi itatu ija sidzaiona, pokhapokha ngati inalembedwa penapake. Kudziteteza kuti uthawe pangozi ndi nkhani ina. Koma kutuma mwana kuti akathetse yekha ndi manja ndi kumutuma kumoto.

Tsopano kwa inu ambiri amene simukuvutitsidwa ndipo simukuvutitsa munthu, koma mumaona. Ofufuza a ku Canada anajambula ana akusewera pabwalo la sukulu, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2001. Anapeza kuti anzawo amakhalapo pafupifupi nthawi zonse wina akamapezereredwa, koma amalowererapo mwa apo ndi apo. Akalowererapo, pa maulendo 57 mwa 100 alionse nkhanzayo inkatha pasanathe masekondi 10. Ku Finland, pulogalamu ya KiVa yochokera ku yunivesite ya Turku inamangidwa pa mfundo yomweyi: wopezerera anzake amafuna oonerera, ndipo oonerera akasiya kuseka, phindu lake limatha. Akuluakulu anati chetechete sautsa nyama. Sitikukutumani kukamenya nkhondo. Mukhoza kungokana kuseka. Mukhoza kusatumiza chithunzicho kwa wina. Mukhoza kunyamula mbale yanu n'kukakhala patebulo la amene wasiyidwa yekha. Mukhoza kuuza wamkulu. Ena amati kunena ndi ukazitape, koma kazitape amanena kuti mnzake agwe m'mavuto, pamene inu mukunena kuti mnzanu atulukemo.

Ndipo tisanamizane ngati kuti ana athu amangokhala ozunzidwa okhaokha. M'holo muno momwe, pamisonkhano yathu ndi kutchalitchi, taonapo mwana wobwera kumene kuchokera ku Mzuzu kapena ku Zomba akusekedwa ndi ana obadwira kuno chifukwa cha Chingerezi chake ndi nsapato zake. Taonanso wobadwira kuno akusekedwa ndi akuluakulu chifukwa Chichewa chake n'chopindika, mpaka anasiyiratu kuyesa. Taona gulupu ya achinyamata imene mtsikana mmodzi anachotsedwamo popanda kuuzidwa chifukwa. Mwana amene akunyozedwa kusukulu chifukwa ndi wa ku Africa, akabwera kuno n'kunyozedwanso, atsala ndi malo ati? Makolo, sukulu ikaimba foni kuti wolakwa ndi mwana wanu, musayambe ndi mawu akuti "mwana wanga sangatero". Mvetserani kaye, mufunseni modekha, ndipo ngati walakwa akapepese ndi kusintha.

Pali zizindikiro zimene tonse tiyenera kuziyang'anira, makolo ndi achimwene ndi achemwali omwe: kudwala m'mimba kapena mutu masiku a sukulu okha, kubwera ndi njala kapena chakudya chosadyedwa, zinthu kusowa kapena kung'ambika, kusagona, kudzidzimuka foni ikalira, kusiya masewera amene ankawakonda. Ndipo mnzanu akanena kuti watopa ndi moyo, kapena kuti bola akanapanda kubadwa, musamusungire chinsinsi chimenecho ngakhale anakulumbiritsani. Uzani wamkulu tsiku lomwelo. Kuyambira mu Julaye 2022, nambala ya 988 imayankha usana ndi usiku, poimba kapena polemba uthenga, kwaulere. Kwathu nkhani zimenezi timazinong'ona, ena amati ndi mizimu, ena amati ndi matenda a azungu. Pempherani ndithu, koma imbaninso foni ndipo muonane ndi dokotala.

Kunyumba kwathu zinatha bwanji? Tinalemba imelo, tinakakhala pansi ndi mlangizi, ndipo mwana wathu anasinthidwa tebulo n'kupatsidwa mphunzitsi mmodzi woti azithamangirako. Dzina lija silinathe tsiku limodzi. Linazilala pang'onopang'ono chaka chisanathe. Mtsikana wina wa m'kalasi mwake anayamba kukhala naye nthawi ya chakudya, ndipo zimenezo zinathandiza kuposa imelo yathu. Usipa sanapitenso nawo kusukulu, ndipo ife sitinamukakamize. Kunyumba amadya mpaka kunyambita mbale. Chimene chinatenga nthawi yaitali ndi choti ayambirenso kutiuza zinthu, ndipo mlandu umenewo unali wathu.

Ndiye ife makolo tikulonjeza izi pamaso panu, ndipo mudzatikumbutse tikaiwala. Mukatiuza vuto, timvetsera mpaka mumalize. Foni sitikulandani chifukwa choti wina wakunyozani pafonipo. Sitipita kusukulu kapena kunyumba kwa mwana winayo tisanakambirane nanu. Nkhani yanu sitiiponya pa gulupu ya WhatsApp ya amayi kapena ya abambo. Ndipo chaka chino tipita kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pasanachitike mlandu uliwonse, kuti mlangizi adziwe nkhope zathu ndi katchulidwe ka dzina lanu.

Kwa inu tikupempha ziwiri. Musanachoke pano, sankhani mumtima wamkulu mmodzi amene mungamuuze zinthu zikavuta. Akhoza kukhala kholo, azakhali, amalume a m'gulu lino, mphunzitsi kapena wotsogolera masewera. Ndipo inu a high school ndi a ku koleji, aliyense atenge nambala ya mwana mmodzi amene akuyamba giledi 6, muzimufunsa kamodzi pamlungu kuti wadya ndi ndani masana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kunyumba kwathu amene anaona zimene ife makolo sitinaone anali mtsikana wa zaka 16. Lero wakhala nafe m'holo muno, sitimuloza chala, koma akudzidziwa. Zikomo kwambiri, mwana wathu.

 Amayi otsogolera mwambo, tikubwezera kwa inu, ndipo mafunso tiwalandira m'Chichewa kapena m'Chingerezi.